Mpira watulukira m'mwamba, nde refu wadziwa bwanji pomwe wadutsa?

Mu mpira wa ku America uja, wa anyamata ovala zipewa zolimba n'kumagundana mosamverana chisoni, muli kachinthu kena komwe ambiri sakaona n'komwe chifukwa nthawi yake TV imakhala ikuthamangira kotsatsa malonda. Munthu wamenya mpira, wakwera m'mwamba kwambiri, wadutsa mzere wa m'mbali uli mlengalenga momwemo n'kukagwera kwa ojambula zithunzi kaya kuseri kwa benchi. Kenako mumangoona mkulu wina wa malaya a mizere yakuda ndi yoyera akuyenda m'mbali mwa bwalo dzanja lili m'mwamba, akuyenda, akuyenda, mwadzidzidzi waima, phazi pansi, akuti apa. Pansipo palibe chizindikiro chilichonse, mpira sunakhudzepo, unadutsa uli kutali kumwamba uko, koma mkuluyo waima motsimikiza ndipo gemu ikupitirira kuchokera pomwepo popanda wofunsa.

Masapota ambiri olo aku America komweko amati apa nde ma refu amangolota basi. Ine ndimawaikira kumbuyo pang'ono. Osati kuti salakwitsa ayi, amalakwitsa ndithu, koma zomwe amachita pamenepaja zili ndi mutu wake, ndipo amene mukumuona akuyenda uja sikuti ndi amene akusankha malowo. Wosankha ali kumbuyo kutali komwe kamera siikuloza.

Kwa amene gemuyi simunaizolowere, bwalo lake ndi la mayadi 100 mulitali, kuonjezerapo mayadi 10 uku ndi 10 uko komwe amagoletserako, mulifupi ndi mayadi 53 ndi kachidutswa. Yadi imachepa pang'ono pa mita, ndi masentimita 91 cha pamenepo. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa amayambiranso kuwerenga, koma ikalephera katatu ndipo kogoletsera kuli kutali sapanga makani, kachinayiko amaitana munthu wina amene ntchito yake ndi imodzi yokha, kumenya mpira upite kutali kuti anzawowo akayambire kumunsi kwawo. Kumenya kumeneko nde punt, munthu wake punter. Amaima mayadi pafupifupi 15 kumbuyo, mnzake amamuponyera mpira kudzera pakati pa miyendo, iye kuwakha, masitepe awiri, kuusiya m'manja n'kuumenya usanafike pansi, momwe amachitira goloboyi wathu akagwira mpira. Punt yabwino imakhala m'mwamba masekondi 4 mpaka 5. Gemu yonse munthu ameneyu mwina alowa kanayi kasanu basi, nde ena amati ndi ntchito ya ulesi, mpaka tsiku lomwe walakwitsa ndi pomwe aliyense amadziwa dzina lake.

Nanga n'kuutulutsiranji dala? Chifukwa kutsogolo kuja kumakhala munthu akudikira kuwakha mpirawo n'kuthamanga nawo, ndipo ena mwa anthu amenewa ndi oopsa zedi. Devin Hester, amene anatchuka ali ku Chicago Bears, anabweza ma punt 14 mpaka kukagoletsa, palibe wina anafikapo pamenepo mu NFL, ligi yaikulu ya gemuyi ku America, mu 2024 anamulowetsa mu Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezeka a gemuyi, ndipo pa nthawi yake makochi ambiri anafika pongouza ma punter awo kuti aise menyera kunja, bola titaye mayadi pang'ono kusiyana n'kumupatsa mpira munthu ameneyu. Ndipo amene akufuna kudziwa chomwe chimachitika ukalephera kuutulutsa afunse Matt Dodge. Pa 19 December 2010 New York Giants inkatsogola 31-10 motsutsana ndi Philadelphia Eagles kutatsala mphindi 8 cha pamenepo, Eagles inabweza zonse mpaka 31-31, kutatsala masekondi 14 kochi Tom Coughlin anauza Dodge kuti utulutse panja basi tikathere ku nthawi yoonjezera. Mpira unamufika wokwera, mnyamatayo ali chaka chake choyamba, anangoumenya wotsika molunjika kwa DeSean Jackson. Jackson anaugwetsa kaye, n'kuutola, n'kuthamanga mayadi 65, gemu kutha 38-31. Coughlin anamulondola Dodge mu bwalo momwemo kukamukalipira dziko lonse likuonera, ndipo sizoni yotsatira isanayambe anali atamuchotsa kale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Dodge analowa m'malo mwa Jeff Feagles, amene anasewera masizoni 22 ndipo ankadziwika kuti ndi katswiri weniweni wa zotulutsa mpira pa malo ake. Pali kamenyedwe kena amati coffin corner, kolunjika pakona penipeni kuti mpira utulukire pa yadi 5 kaya 3 kaya 1 kuchokera pa mzere wogoletsera wa adani. Zikatheka, anzako akuyamba msana uli ku khoma, kulakwitsa pang'ono agwidwira mkati mwawo momwemo n'kupereka mapointi 2. Koma ukapyola pang'ono mpira n'kulowa mogoletsera muja, nde touchback, amaubweretsa pa yadi 20 kwaulere. Ndiye mukuona kuti malo omwe refu aime si nkhani yamasewera. Komanso dziwani kuti mu NFL kutulutsa punt si mlandu, pomwe kutulutsa kickoff, kumenya koyambitsa gemu kuja, ndi mlandu waukulu ndithu. Ku Canada ali ndi malamulo awoawo, kumeneko ukatulutsa punt ili m'mwamba cha pakati pa bwalo amakulanga.

Lamulo lake ndi lachidule. Mpira ndi wa timu yolandira, pa malo pomwe wadutsira mzere wa m'mbali. Osati pomwe wagwera, pomwe wadutsira. Pamenepo nde pagona vuto lonse, chifukwa pomwe wagwera aliyense wapaona, koma pomwe wadutsira ndi m'malere, ndipo kumwamba kulibe mzere wa laimu.

Munthu angaganize kuti refu amene ali m'mbali muja ndi amene akuona bwino poti ali pafupi. Ayi ndithu, iyeyo nde ali pa malo oipa. Taganizani, mwaima pa mzere, mpira ukubwera kuchokera kutsogolo kwanu mopendekera, uli m'mwamba kuposa denga la nyumba yosanja, mwakweza khosi, pansi simukuonanso, manambala a pa udzu aja asowa m'maso mwanu. Mutha kudziwa nthawi yomwe wadutsa kuchoka mkati kupita kunja, poti inuyo mwaima pa mzere womwewo ndipo mukuuona ukuchoka kudzanja lino kupita linalo. Koma kuti wadutsa mayadi 8 kutsogolo kwanu kapena 14, maso a munthu sangathe, kumwamba kulibe chofanizira nacho. Kuonjezera apo munthu ameneyu ali ndi ntchito zina, akuyang'ana anyamata awiri othamanga m'mbali aja otchedwa ma gunner ngati sakukokedwa malaya kapena sanatuluke panja dala, akuyang'ana wolandira ngati wakweza dzanja kupempha kuti asagundidwe, akuyang'ana ngati wina sanakankhidwe kumsana. Akangoti ayang'ane kumwamba masekondi 4 onsewo, pansi pano pachitika milandu itatu iye osaona.

Nde amachita chonchi. Mu NFL ma refu amakhala 7 mu bwalo, ku makoleji akuluakulu 8. Mmodzi yekha ndi amene amavala kapu yoyera, ameneyo ndiye bwana, amene mumamumva akulengeza milandu pa maikolofoni uja, enawo makapu akuda. Pa punt wa kapu yoyerayu amaima kumbuyo kwa punter, chakumbali pang'ono. Mpira ukangonyamuka ndipo waona kuti uwu ukupita kunja, amasunthira msanga pa malo pomwe phazi linakumana ndi mpira, n'kuutsatira ndi maso mpaka pomwe wakagwera. Iyeyo kutalika sangakudziwe, mpira ukumuthawa, sangathe kunena kuti wapita mayadi 40 kapena 48. Koma njira yomwe wadzera akuidziwa bwinobwino chifukwa waima kumayambiriro kwake ndipo akuyang'ana motsatira njirayo. Nzeru yake amagwira chinthu china chosasuntha chomwe chili kuseri kwa pomwe mpira wapita, kaya chikwangwani cha malonda, kaya khomo lolowera masapota, kaya munthu wa jekete yofiira pa mpando wachitatu, kuti njirayo isamuthawe m'mutu. Kenako amakweza dzanja.

Kumunsi kuja mnzake wa m'mbali, amene mu NFL amakhala side judge kapena field judge kutengera mbali yomwe mpira watulukira, choyamba amaimba wezulo n'kupukusa manja pamwamba pa mutu kuimika nthawi. Akatero amapita kaye kupyola pomwe akuganiza kuti mpira wadutsa, n'kutembenuka, kukweza dzanja lake kuti aoneke pakati pa chigulu cha anthu chili m'mbali muja, n'kuyamba kuyenda pa mzere kubwerera chakomwe kuli wa kapu yoyera, maso ali pa iye. Akuyenda, akuyenda, ndipo akangolowa mu njira yomwe bwana uja wasunga m'maso, bwanayo amatsitsa dzanja mwamphamvu, khaa. Woyendayo amaima pomwepo, n'kuloza mbali yomwe timu yolandira ikulowera. Zatha. Zonsezi masekondi ochepa chabe.

Aliyense amene anazikapo mitengo ya mpanda kapena ya khola akuzidziwa izi. Mmodzi amaima kumapeto, watsinzina diso limodzi, wina wagwira mtengo pakati, nde wakumapeto uja akuti sunthira kuno, pang'ono, pang'ononso, eya basi pomwepo. Wogwira mtengo sakuona ngati mzere wawongoka, woyang'anayo sakugwira kanthu, koma awiriwo pamodzi mpanda umawongoka. Ma refu aja akuchita zomwezo ndendende. Pali mizere iwiri, wina ndi njira ya mpira yomwe ili m'maso mwa wa kapu yoyera, wina ndi mzere wa m'mbali womwe mnzake akupondapo, ndipo mizere iwiri yowongoka imakumana pa malo amodzi okha. Aliyense ali ndi theka la yankho. Ine chimandisangalatsa n'chakuti anthu anaipeza njirayi popanda kamera, popanda kompyuta, ndipo mpaka lero ukaiganizira bwino palibe njira ina ya maso okha yomwe ingaipose.

Koma tisanamizane, ili ndi mabowo ake, ndipo ndi akuluakulu.

Loyamba n'lakuti wa kapu yoyera uja ntchito yake yeniyeni pa punt si kuyang'ana mpira, ndi kuteteza punter. Munthu akangomenya mpira mwendo umodzi uli m'mwamba, winawo nawo mwina wachoka pansi, ndipo pali anyamata a makilo 110 akumuthamangira kuti atchinge mpirawo. Akamugunda pang'ono ndi mlandu wa mayadi 5, akamugunda moopsa makamaka mwendo woimira uja ndi mayadi 15 komanso timu yake ibwezeredwa mpira, nde refu sangachotse maso mpaka punter atatera bwinobwino. Ma punter nawonso ndi akatswiri a sewero, kungomukhudza kamphepo wagwa kale akugubuduzika, refu ayenera kuona ngati wagundidwadi. Pomwe azikweza maso kufuna mpira, sekondi yathunthu kapena kuposa yapita, mpira uli kale pakati pa ulendo, ndipo iye sanafike n'komwe pa malo pomwe unamenyedwera. Akaima masitepe atatu kumbali, njira yomwe akuiona si yomwe mpira unadzera.

Lachiwiri ndi mphepo. Zonse ndanenazi zikudalira kuti mpira wayenda mowongoka, koma mpira wake ndi wosongoka mbali zonse, umazungulira, ndipo mphepo imaukhotetsa. Mabwalo ngati Soldier Field ku Chicago, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, mphepo yake ndi yodziwika. Kumeneko mu January 1986 Sean Landeta, wa ma Giants omwewo, kaya anawalakwira ndani ndi ma punter awo, anasiya mpira kuti aumenye mphepo n'kuusuntha, phazi linangoukhudza pang'ono, Shaun Gayle wa Bears anangotola n'kuyenda mayadi 5 kukagoletsa. Ngati mphepo ikutha kusuntha mpira pakati pa dzanja ndi phazi, kuli bwanji masekondi 4 kumwamba. Mpira wokhota ukagwera pa malo ena koma unadutsa mzere pa malo ena, ndipo refu amene wangogwirizanitsa pomwe unachokera ndi pomwe wagwera waphonya. Masiku ano ma punter ena amachita kuukhotetsa dala kuti wolandira asokonezeke.

Lachitatu ndi masamu chabe, ndipo ili nde palibe angalithawe olo refu akhale waluso bwanji. Tinene kuti punter wamenya ali pakati pa bwalo, ndiye kuti mzere wa m'mbali uli mayadi pafupifupi 27 kuchokera pomwe waima, ndipo mpira wakadutsa mzerewo mayadi 45 kutsogolo. Mpira umenewo wapendekera ndi madigiri 30 cha pamenepo, zija tinkayeza ndi protractor ku sukulu. Refu akaphonya ndi digiri imodzi yokha, malo a pa mzere paja asuntha ndi mayadi pafupifupi 2. Digiri imodzi ndi yaing'ono bwanji? Tambasulani mkono wanu wonse muyang'ane kachala kakang'ono ka kumapeto, kunenepa kwake ndi komweko. Punt ikakhala yaitali, tinene mayadi 60, digiri yomweyo ikusuntha malo ndi mayadi pafupifupi 3, chifukwa njira ya mpira ndi mzere wa m'mbali zayamba kuyenda ngati zotsatana ndipo pokumanira pake pamatsetsereka. Nde mukamva punter akudandaula kuti andibera mayadi 4, mwina sakunama, ndipo refu nayenso sanabe, kachala kamodzi ndi theka basi. Ma punter zimawawawa chifukwa ntchito yawo imayezedwa ndi manambala omwewo, avereji ya mayadi ndi kuchuluka kwa mipira yomwe anaika mkati mwa yadi 20, nde mpira womwe unatulukira pa 19 refu n'kuima pa 21 ndi nkhani ya kontrakiti.

Mpira ukagwera kaye mkati n'kudumphira kunja, zonsezi palibe. Wa m'mbali uja amaona yekha pomwe wadutsa poti uli pansi pafupi ndi udzu ndi manambala, amangopita n'kuima, wa kapu yoyera sakweza n'dzanja lomwe. Kungoti kumbukirani kuti mu gemu imeneyi mzere weniweniwo ndi kunja, mpira ukangokhudza poyera basi watuluka. Punt ikakhala yolakwika, ija yopita chammbali mayadi 15 okha masapota n'kuyamba kukuwiza, amene amayenda pa mzere ndi ma refu apafupi aja, line judge kapena down judge. Udindo wa down judge-wu kale unkatchedwa head linesman, anausintha mu 2017, ndipo ndi womwe Sarah Thomas anagwira pa Super Bowl, fainolo ya NFL, ya February 2021, mayi woyamba kuimbira gemu imeneyo.

Pakona penipeni ndi pomwe mtima umagunda. Pamakona a mogoletsera amaikapo timizati tofewa ta mtundu wa olenji, ma pylon. Mpira ukagunda pylon ndi touchback, yadi 20. Ukatuluka usanafike pa pylon ndi yadi 1 kaya 2. Tsono mpira wadutsa pamwamba pake, kamzati kake kosafika n'theka la mita komwe, ndipo kusiyana kwa mayankho awiriwa ndi mayadi 19. Apa wa m'mbali amayesetsa kukaima pa pylon pomwepo mpira usanafike kuti aone ngati wadzera kutsogolo kwake kapena kumbuyo, chifukwa apa funso lasintha, silikufunanso nambala, likufuna eya kapena ayi.

Funso la eya kapena ayi limenelo ndi lomwe ife tinazolowera mu mpira wathu wamiyendo. Wambendera amangofunika kudziwa ngati mpira wonse wadutsa mzere, basi. Kona ikakhota kutuluka m'mwamba n'kubwereranso, iye waima pa mzere womwewo, akuona, akweza mbendera. Mukukumbukira World Cup ya 2022 ku Qatar, Japan ndi Spain, Kaoru Mitoma anabweza mpira womwe dziko lonse linati watuluka, VAR n'kupeza kuti kachidutswa kake kanali kadakali pamwamba pa mzere, Japan kuwina 2-1, Germany kulongedza zikwama. Mkangano wonse unali wakuti watuluka kapena ayi. Koma za malo pomwe watulukira ife sitisamala kwenikweni, woponya mpira amatola n'kuyenda masitepe asanu asanu ndi limodzi akunamizira kufuna womuponyera, refu kungomuyang'ana, akanyanya ndi pomwe amamubweza ndi dzanja. Palibe gemu inatha chifukwa cha mamita atatu a throw-in. Ku America gemu yonse ndi yowerenga malo, yadi iliyonse imalembedwa, nde sangangosiya wosewera asankhe yekha. Amene muli ku Joni ndipo munazolowera rugby mukudziwa kuti kumeneko vuto ndi lomweli mpira akaumenyera kunja, kungoti wambendera amathamanga n'kuimika mbendera yekha popanda womulozera kuchokera kumbuyo.

Chomwe chimandiseketsa ine n'chakuti gemu yomweyi, yoyambira pa malo oloza ndi mkono kuchokera mayadi 50, ndi yomwe kwa zaka zambirimbiri yakhala ikuyeza mayadi 10 aja ndi tcheni mpaka pa sentimita. Anyamata amathamangira mu bwalo ndi ndodo ziwiri zomangirira ku tcheni, kukoka, bwalo lonse zii, kamera yayandikira, nsonga ya mpira yafika pa ndodo kapena ayi. Mu December 2017 pa gemu ya Dallas Cowboys ndi Oakland Raiders, refu Gene Steratore anatulutsa kapepala kopinda m'thumba n'kukalowetsa pakati pa mpira ndi ndodo, akumwetulira, n'kupereka first down kwa Dallas, kutanthauza kuti mayadi 10 aja akwana. Kapepala! Pomwe ndodo yoyambayo mwina inazikidwa pa malo omwe anaphonyedwa ndi mayadi awiri. Ena amati ndi zopusa, koma mukaganiza bwino si zopusa kwenikweni, chifukwa mpira ukangoikidwa pansi malo amenewo asanduka oona kwa matimu onse awiri, mayadi 10 akuwerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo zimenezo zikuyezeka. Kulakwitsa kwa pa punt kwasintha kutalika kwa ulendo wonse, osati kwa mayadi 10 aja.

Makina alipo, sikuti kulibe. Kuyambira 2017 mipira ya NFL imakhala ndi kachipangizo ka Zebra Technologies mkati kouza makompyuta pomwe mpira uli, ndi komwe kumachokera manambala aja amakuonetsani a liwiro ndi kutalika. Mu sizoni ya 2025 anayamba kuyeza first down ndi Hawk-Eye ya Sony, yomwe ija ya tenesi, cricket ndi mzere wa golo mu Premier League, makamera 6 a 8K pa bwalo lililonse, anyamata a tcheni n'kutsala ngati odikirira makina akafa. Koma olo pamenepo woika mpira pansi ndi munthu, makinawo amangoyeza pomwe munthu waika. Kwa ine ngati pali malo amodzi mu gemuyi pomwe kompyuta ingagwire ntchito popanda wodandaula, ndi pa punt yotuluka m'mwamba. Palibe mulu wa anthu wobisa mpira, palibe za bondo linagunda pansi liti, ndi chinthu chimodzi chikuuluka pachokha poyera kudutsa mzere wowongoka. Pomwe anthu amakanganirana kwambiri, pa mulu paja, ndi pomwe makina amavutika, koma apa ndi pophweka.

Komanso coffin corner yeniyeni ija inachepa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Darren Bennett, amene anachokera ku mpira wa ku Australia n'kukasewera San Diego Chargers, anabweretsa kamenyedwe ka kwawo, kogwetsa mpira nsonga ili pansi kuti uzizungulira chambuyo, ukatera umaima kapena kubwerera m'malo mothamangira mogoletsera. Makochi anaona kuti izi n'zosavuta kusiyana n'kulunjika pakona, ungougwetsa pa yadi 8 mkati mwa bwalo ma gunner akaugwire. Pano ma punter ochokera ku Australia adzaza m'makoleji a ku America, ena ngati Michael Dickson wa Seattle Seahawks ali mu NFL. Nde kayendedwe ka dzanja m'mwamba kaja sikaoneka pafupipafupi ngati kale, mwina kamodzi kawiri pa gemu, pena osaoneka n'komwe. Amene mumaonera magemu a Lamlungu aja oyamba 7 kapena 8 koloko madzulo nthawi yathu, muziyang'ana kumunsi kwa sikirini punt ikangotuluka, asanadule kupita ku malonda.

Komwe njirayi ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ku masukulu a sekondale, magemu a Lachisanu usiku m'matauni ang'onoang'ono a ku Texas kaya Ohio, komwe ma refu amakhala 5 pena 4, anthu oti masana ndi aphunzitsi kapena ogulitsa inshuwalansi, magetsi a pa bwalo ndi ofooka moti mpira ukakwera kwambiri umasowa mu mdima n'kudzaonekanso ukutsika, ndipo punter wake ndi mwana wa zaka 16 amene iye mwini sakudziwa komwe mpira upite. Kumeneko kulibe Hawk-Eye ndipo sikudzakhala posachedwa. Ma refu amenewa amaphunzitsidwanso chochita zikavuta. Wa m'mbali akatembenuka n'kupeza kuti bwana dzanja silili m'mwamba, mwina anatanganidwa ndi punter wagundidwa, asaime n'kumayang'ana uku ndi uku ngati wasochera, asankhe malo omwe akuona kuti ndi omwewo, ayende molimba, aime, aloze. Kochi akaona refu akukayika amamudya wamoyo, ndipo gemu yotsalayo aliyense azitsutsa chilichonse. Apa nde masapota aja akunena zoona, nthawi zina kumakhaladi kulota, kungoti kuchokera pa mpando simungasiyanitse kuti uyu walozeredwa kapena wadzisankhira.

Malo akapezeka mpira sauika m'mbali momwemo, amaubweretsa mkati pa timizere ting'onoting'ono tija ta hash mark ya mbali yomwe watulukira. Ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti kawirikawiri nsonga yake imakhala ndendende pa kamzere ka yadi, pa 14 kaya pa 22, osati 14 ndi theka. Sikuti ma punt amakonda manambala athunthu ayi, ma refu amachita dala kuti a tcheni asavutike ndipo pofikira mayadi 10 paja paoneke ndi maso popanda kuyeza. Pafupi ndi mzere wogoletsera pokha ndi pomwe amasamala mainchesi, kwina konseko nanga theka la yadi lingasinthe chani pa malo oti anachita kuloza ndi mkono.